Dimba la Wamtokoma wa ku Hauterives

Kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la France kuli chigawo chotchedwa Drôme, dziko la timapiri tambirimbiri, minda ya tirigu ndi mitengo ya zipatso. M'chigwa cha mtsinje wa Galaure, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera mumzinda wa Lyon, muli mudzi wa Hauterives. Ndi mudzi wa anthu pafupifupi 2,000, ndipo munthu wongodutsa pa mseu sangaone kanthu komuimitsa. Komabe chaka ndi chaka alendo zikwizikwi amafika m'mudzimu kuchokera ku maiko akutali, ndipo onsewo amalunjika ku dimba limodzi lozingidwa ndi mpanda, limene kale linali la ndiwo zamasamba. M'dimbamo muli chinyumba chodabwitsa chimene munthu mmodzi anachimanga yekha ndi manja ake kwa zaka 33. Munthuyo ndiye Ferdinand Cheval, wamtokoma wa m'mudzimo, bambo amene anaona maliro a ana ake onse atatu.

Tafuna kukusimbirani za malo amenewa podziwa kuti pakati pa owerenga athu alipo makolo ambiri amene anaperekeza mwana kumanda, nabwerera ku nyumba imene zovala zake ndi kambale kake zikali pomwepo. Anthu a pamaliro akabalalika, ndipo moto wa pasiwa ukazima, makolo otere amatsala ndi manja amene anazolowera kunyamula, kusambitsa ndi kudyetsa, koma tsopano alibe chogwira. Mkulu wa ku Hauterives anawapezera chochita manja ake, ndipo chimene anachitacho chikali chiimire kufikira lero.

Njira ya ku Hauterives

Ife tinanyamuka ku Lyon m'mawa pa sitima ya pamtunda imene imatsata mtsinje waukulu wa Rhône kulowera kum'mwera. Tinatsikira ku Saint-Vallier, pamene Galaure amathira madzi ake mu Rhône, ndipo kuchokera pamenepo tinakwera galimoto n'kutsata chigwa kulowera kotulukira dzuwa. Chinthu choyamba chimene mlendo amaona m'chigwamu ndi miyala. Nyumba zambiri zakale, makola ndi mipanda nzomangidwa ndi miyala yobulungira ya kumtsinje, yoyalidwa mizeremizere mopendekeka ngati minga ya nsomba. Anthu a kumeneko akhala akutola miyala m'minda ndi m'mitsinje kuyambira kale, kotero kuti kumanga ndi miyala yotola si chinthu chachilendo kwa iwo. Chachilendo ndicho chimene wamtokoma wao anapanga ndi miyalayo.

Dimbalo lili m'kati mwenimweni mwa mudzi, kuseri kwa nyumba wamba. Munthu amalipira pakhomo, nadutsa kanjira, ndipo mwadzidzidzi chinyumba chija chimatulukira patsogolo pake. Poyamba maso sadziwa poyambira. Pena chimaoneka ngati chulu chachikulu chimene chiswe chaumba mwaluso, pena ngati phiri lodzaza ndi mapanga, pena ngati kachisi wa dziko lakutali. M'litali mwake ndi mamita 26, ndipo pamene chatalika koposa chimafika mamita pafupifupi 12. Dzina lake ndi Palais idéal, ndiko kunena nyumba yachifumu yonga ija munthu amaiona m'maganizo mwake mokha. Koma mulibe chipinda chogona ngakhale pophikira, ndipo palibe munthu anakhalamo ndi kale lonse. Ndi nyumba yongoyendamo, kukwera, kusuzumira ndi kudabwa.

Mwini dimba

Ferdinand Cheval anabadwa pa 19 Epulo 1836 m'mudzi wa Charmes-sur-l'Herbasse, m'chigawo chomwechi cha Drôme, m'banja la alimi wamba. Sukulu sanapite nayo patali. Mai ake anamwalira iye ali ndi zaka 11, ndipo atasinkhuka anakaphunzira ntchito yophika buledi. M'chaka cha 1858 anakwatira Rosalie Revol. Mwana wao wachisamba, Victorin, anabadwa mu 1864, koma anamwalira chaka chotsatira akali khanda. Wachiwiri, Cyrille, anabadwa mu 1866. Mu 1867 Cheval analembedwa ntchito ku positi, ndipo mu 1869 anamtumiza ku Hauterives. Patangopita zaka 4, mu 1873, Rosalie naye anatsikira kuli chete. Tsono pamene nkhani ya dimbali ikuyamba, munthuyu anali ataidziwa kale njira ya kumanda.

Wamtokoma wa kumidzi masiku amenewo analibe njinga kapena galimoto. Tsiku ndi tsiku Cheval ankayenda pansi makilomita oposa 30, kukwera ndi kutsika timapiri ta ku Tersanne, chikwama cha makalata chili paphewa, kaya kunja kuli dzuwa, mvula kapena chipale chofewa. M'chikwamamo munkakhalanso magazini a zithunzi ndi makadi oonetsa nyumba zotchuka za maiko akutali. Ku Egypt kapena ku India iye sanapondeko, koma zithunzizo zinamkhala m'mutu. Pambuyo pake anadzalemba kuti poyenda yekhayekha m'njira zimenezo ankamanga m'maganizo mwake nyumba yachifumu yokhala ndi mapanga, nsanja ndi minda, koma sanauze munthu aliyense poopa kusekedwa.

Mu 1878 anakwatira Claire-Philomène Richaud, mai amene nayenso anali wamasiye, ndipo chuma chochepa chimene maiyo anabwera nacho ndicho chinathandiza kuti banjali ligule malo ku Hauterives. M'mwezi wa Epulo 1879, ali ndi zaka 43, Cheval anapunthwa pa mwala ali pa ulendo wake wa makalata, natsala pang'ono kugwa. Atatembenuka kuti aone chimene champunthwitsa, anapeza mwala wa maonekedwe achilendo, umene madzi anausema kwa zaka zosawerengeka mpaka unakhala wopindikapindika ngati chinthu choumbidwa ndi manja. Anautola napita nao kunyumba. M'mawa mwake anabwerera pamalo pomwepo, napeza ina yokongola koposa. Maganizo ake anali akuti, popeza chilengedwe chagwira kale ntchito ya wosema, iye angathe kugwira ya mmisiri womanga.

Kuyambira pamenepo anayamba kutola miyala. Poyamba ankaiika m'matumba a zovala zake, kenaka m'dengu, ndipo pomaliza anatenga wilibala. Masana ankaunjika miyala m'mbali mwa njira, ndipo madzulo, ataweruka, ankabwereranso kukaituta. Usiku ankamanga ndi kuwala kwa nyali ya mafuta. Zipangizo zake zinali laimu, simenti, mchenga, mawaya, miyala ndi zigoba za nkhono. Umisiri womanga sanauphunzire kwa munthu. Manja amene kale ankakanda ufa wa buledi ndiwo anaphunzira okha kukanda simenti ndi kuumba nkhope za nyama. Anthu a m'mudzimo ankapukusa mitu, namanena kuti wamtokoma wazungulira mutu. Iye anazimva zonsezo, koma sanaleke. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo wa munthu uyu unakula kwa zaka 33. Pa khoma lina analembapo yekha chiwerengero cha ntchito yake: masiku 10,000 ndi maola 93,000, kuyambira 1879 kufikira 1912.

Kuzungulira chinyumbacho

Tinayambira ku mbali ya kum'mawa, kumene iyenso anayambira. Pakati pake pali kasupe ndi timathithi tamiyala, zimene anazitcha Source de Vie, kutanthauza Kasupe wa Moyo. Ntchito imeneyi yokha inamtengera zaka 2. Pafupi pake pali chimango chofanizira manda a mafumu a ku Egypt, ndipo pansi pake anakumbapo malo amene ankafuna kuti adzagonemo akadzamwalira. Chakum'mwera kwa mbali yomweyi kwaima zimphona zitatu, zazitali kuposa munthu kangapo, matupi azo okutidwa ndi timiyala ngati mamba a nsomba. Chimodzi ndi Caesar, kazembe wa ku Roma. China ndi Vercingétorix, mtsogoleri wa anthu a ku Gaul amene anamenyana ndi Caesar yemweyo. Chachitatu ndi Archimedes, wanzeru wa Chigiriki. Adani akale aima moyandikana ngati alonda a pakhomo limodzi. Pa mbali yomweyinso pali kaphanga kamene anaikonzera wilibala yake, naipatsa ulemu ngati mnzake wa pa ntchito.

Mbali ya kumadzulo njosiyana. Kumeneko, m'timipata ta m'khoma, muli tinyumba ting'onoting'ono ta mitundu ya anthu osiyanasiyana: kachisi wa Ahindu, nyumba ya kumapiri a Switzerland, linga la mafumu akale a ku Ulaya, nyumba ya ku Algiers, ndi mzikiti. Munthu amene anakalamba akuyenda njira imodzimodzi anasonkhanitsa dziko lonse m'dimba lake la ndiwo. Ku mbali ya kum'mwera anasungako miyala imene anaikonda koposa, kuti alendo aone m'mene iye anaipezera isanakhudzidwe ndi simenti. Ku mbali ya kumpoto kuli nyama zochuluka: mbawala yaimuna, yaikazi ndi kamwana kao, vuwo, ng'ona ndi njoka zopotana, pamodzi ndi Adamu ndi Hava. Kulikonse kumene diso lingagwe kuli kanthu, kaya mbalame, kaya nkhope, kaya mtengo wamwala wa masamba amwala.

M'kati muli mpita wautali mamita 20, wozizira bwino, wokongoletsedwa ndi zigoba za nkhono, ndipo m'makoma mwake anaumbamo njovu, ngamila, chimbalangondo, mphaka ndi mmbulu. Paliponse pali mau amene iye analemba, ena olangiza, ena otama khama, ena onena za kufupika kwa moyo wa munthu. Makwerero okhotakhota amafikitsa mlendo pa bwalo la pamwamba, pamene munthu amaona madenga a mudzi ndi timapiri tija wamtokoma ankayendamo. Pa bwalo pomwepo mpamene anaikapo mwala uja unampunthwitsa. Pambali pa dimba anamanganso kansanja koti alendo akwerepo ndi kuona chinyumba chonse nthawi imodzi.

Tsiku limene tinafika panalinso ana a sukulu ndi aphunzitsi ao. Akuluakulufe tinkayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, tikuwerenga zolembedwa. Koma anawo anazindikira msanga chimene nyumbayi ili. Ankalowa m'mpita n'kutulukira kwina, kubisalirana m'mapanga, kuwerenga nyama ndi kuitanizana kuchokera pamwamba. Dimba lonse linadzaza ndi kuseka kwao. M'mphepete mwa dimba lomwelo muli nyumba wamba yokhalamo anthu, yopanda zimphona kapena mapanga, koma dzina lake ndilo limatsegula nkhani imene tinadzera. Dzinalo ndi Villa Alicius.

Alice

Pa 11 Okutobala 1879, itapita miyezi 6 chipunthwire pa mwala uja, Philomène anabala mwana wamkazi, ndipo anamutcha Alice. Mwanayo ndi chinyumbacho anakulira pamodzi ngati mapasa. Pamene Alice ankaphunzira kuyenda, kasupe uja anali kumangidwa; pamene ankasinkhuka, makoma anali kukwera. Sanadziwe bambo wina koma uyu wobwera madzulo matumba ali tho ndi miyala, ndipo sanadziwe dimba lina koma ili lomera nyama za simenti. M'chaka cha 1894, ali namwali wa zaka pafupifupi 15, Alice anadwala namwalira. Cheval anali ndi zaka 58, ndipo imfa imeneyi inamswa mtima.

Mu 2019 m'dziko la France munaonetsedwa kanema wa moyo wa Cheval, wokonzedwa ndi Nils Tavernier, amene amasimba nkhaniyi ngati kuti bamboyo anamangira Alice nyumba yonseyi. Kuwerenga zaka kukutiuza chinthu chozama koposa. Ntchitoyi inayamba mwanayo asanabadwe, ndipo pamene anamwalira inali itatha zaka 15. Munthu wina akadataya wilibala tsiku lomwelo, nanena kuti zonse nzachabe, ndipo palibe akadamdzudzula. Cheval anapitiriza zaka zina 18. Ndiko kunena kuti zambiri mwa zaka zimene anathera pa chinyumbachi anazigwira Alice ali kale m'manda. Chimene chinayamba ngati loto la munthu woyenda yekha chinasanduka dengu lonyamuliramo chisoni.

Mu 1896 anapuma pa ntchito ya positi, ndipo anamanga nyumba ija yokhalamo m'mphepete mwa dimba, naitcha Villa Alicius pokumbukira mwana wake. Taganizani, owerenga okondedwa: m'mawa uliwonse nkhalambayi inkatuluka pa khomo la nyumba yotchedwa dzina la mwana wake wakufa, n'kulowa m'dimba limene mwanayo analiona likukula, n'kuyamba kukanda simenti. Dzinalo sanalibise, ndipo pamalopo sanathawepo. Aliyense wofuna kutchula nyumbayo anayenera kutchula Alice. Mmodzi mwa adzukulu ake, mwana wa Cyrille, nayenso anapatsidwa dzina lomwelo. Kuchokera pa imfa ya Alice kufikira pa imfa ya iye mwini panapita zaka 30, ndipo pafupifupi zonsezo anazitha ali ndi miyala m'manja.

Chimene chinatigwira mtima koposa nchakuti dimbali silichititsa munthu kugwetsa nkhope, ngakhale muli manda opanda kanthu ndi mau onena za imfa. Tinazolowera kuganiza kuti chikumbutso cha wakufa chiyenera kukhala cha mwala wosalala ndi malemba ochepa, pamalo pamene munthu amafika atavula chipewa nalankhula monong'ona. Koma pano pali mbalame, akasupe, makwerero ndi mobisala. Kodi mwana sakhala wotero? Mwana ndi wamasewera, wamafunso, wokonda nyama ndi nthano. Chikumbutso chimene chimaseketsa ana ena sichinyoza mwana wakufayo ai. Chimasunga khalidwe lake koposa m'mene mwala wosalala ungathere.

Ntchito yotsiriza

Kuyambira mu 1905 Cheval anatsegula chipata kuti alendo aziona ntchito yake, ndipo ankawaperekeza yekha, nawapempha kulemba maina ao m'buku. Anamaliza mu 1912 ali ndi zaka 76. Koma chaka chomwecho Cyrille, mwana yekhayo amene anamtsalira, anamwalira. Mu 1914 Philomène naye anatsatira. Nkhalambayo inafuna kudzaikidwa m'dimba mwake, koma malamulo a dziko sanalole. Tsono ali ndi zaka 78 anagwiranso wilibala, nayamba kututa miyala kupita nayo ku manda a mudzi, kumene anamanga chiliza chake kwa zaka 8. Anachimaliza mu 1922, ndipo anamwalira pa 19 Ogasiti 1924 ali ndi zaka 88.

Tinayenda pansi kukaona chilizacho, pa mtunda wa kilomita imodzi kapena kupitirira pang'ono kuchokera ku dimba. Pakati pa manda ena a mitanda ndi miyala yosalala, icho chimaoneka ngati chitsamba cha mizu ndi mipesa yopotana chimene chasanduka mwala. Dzina limene anachipatsa limatanthauza Manda a Chete ndi Mpumulo Wosatha. Kumeneko kulibe phokoso la ana, ndipo nafenso tinangoima duu. Lamulo lija linamkaniza kugona m'dimba linachita bwino losadziwa: wakufa anakagona pakati pa akufa anzake, ndipo dimba linatsalira amoyo.

Atamwalira, akatswiri a zaluso monga André Breton ndi Pablo Picasso anachita chidwi ndi ntchito yake. Nduna ya zachikhalidwe, André Malraux, inalimbikira kuti chinyumbachi chitetezedwe ngati chuma cha dziko, ngakhale akuluakulu ambiri a mu unduna wake ankachiyesa chopanda pake, ndipo zimenezi zinatheka mu 1969. Mu 1984 mdzukulu uja Alice anapereka gawo lake kwa mudzi wa Hauterives, ndipo kuyambira mu 1994 mudziwo ndiwo mwini wa chinyumba chonse. Positi ya France, imene iye anaitumikira poyenda pansi, inasindikizanso sitampa yoonetsa chinyumbachi. Mudzi umene unkamuyesa wamisala lero umadziwika chifukwa cha iye.

Zimene titengapo

Sitikunena kuti kholo lililonse lofedwa limange chinyumba cha mamita 26. Ndiponso sitikunena kuti miyala inachotsa chisoni cha Cheval; munthu amene akumanga manda ali ndi zaka 86 sanaiiwale imfa. Chimene tikuona nchakuti chisoni chosowa pokhala chimadya mwini wake m'kati ngati nankafumbwe, koma chikapatsidwa malo ndi ntchito, munthu angathe kukhala nacho zaka zambiri osagwa. Ntchito ya m'dimba ili ndi ubwino wakewake pa zimenezi. Imadzutsa munthu m'mawa, imatopetsa thupi kuti usiku tulo tibwere, sifuna mau ambiri, ndipo siitha tsiku limodzi. Bambo amene sangathe kulira pa anthu angathe kuthirira mtengo.

Kangodya ka pabwalo nkokwanira. Wina angabzale mtengo wa zipatso zimene mwanayo ankakonda, nauzunguliza ndi miyala imene abale ake aipaka utoto. Wina angaike kampando, kambale ka madzi akumwa mbalame, kapena kachidole konga kaja mwanayo ankaseweretsa. Sipafunika ndalama zambiri kapena luso la mmisiri. Wamtokoma uja anayamba ndi mwala umodzi wa m'njira. Sipafunikanso kufulumira. Malo otere amakula ndi zaka, ndipo chaka chilichonse munthu amaonjezerapo kanthu monga m'mene mtima wamuuzira, mpaka tsiku lina adzazindikira kuti wakhala pamenepo akukumbukira mwana wake ndi kumwetulira.

Ana otsala apatsidwe gawo lao, pakuti iwonso afedwa, ndipo kawirikawiri akulu amawaiwala. Aloledwe kusewerapo, kuseka, ndi kutchula dzina la mbale wao popanda wowaletsa. Ndipo mwamuna ndi mkazi apirirane, popeza anthu awiri ofedwa mwana mmodzi salira mofanana. Wina amafuna kulankhula, wina amafuna kugwira khasu, ndipo aliyense angaganize kuti mnzakeyo sakumva kuwawa. Dzina la Philomène silitchuka ngati la mwamuna wake, komabe malo aja anagulidwa ndi chuma chake, mwana uja anali wakenso, ndipo anakhala ndi womanga ameneyu zaka 36.

Ena angafunse ngati chinthu chotere sichifanana ndi kupembedza mizimu. Dimba lachikumbutso si kachisi, ndipo mwana sakhala m'menemo. Amene watisiya ali m'manja mwa Mlengi wake, ndipo safuna nsembe kapena chakudya kwa ife. Dimbalo ndi la otsala. Ngakhale m'Malembo timamva za Yakobo amene anaimika mwala pa manda a Rakele, osati kuti aupembedze, koma kuti malowo asaiwalike. Kukumbukira si kusakhulupirira, ndipo misozi imene ikutuluka patapita zaka 5 kapena 10 sisonyeza kuchepa kwa chiyembekezo.

Mau otsiriza apite kwa ife anansi. Anthu a ku Hauterives anaona munthu akukankha wilibala usiku, naseka. Nafenso timafulumira kuuza namfedwa kuti aiwale, kuti adzabala wina, kuti nthawi yolira yatha; ndipo tikaona akuchita chinthu chimene sitikuchimvetsa, timayamba kunong'onezana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Cheval anatuta miyala yake yekha kwa zaka 33, ndipo ankanyadira zimenezo. Koma namfedwa wa pafupi ndi ife sayenera kututa yekha. Inu achinyamata makamaka, amene muli ndi mphamvu m'manja, mukaona mai kapena bambo a mnzanu amene anamwalira akukonza kamalo kotere, musawafunse chifukwa chake. Afunseni kumene miyala ikuchokera, ndipo mukawatutire.